Ahedi ndi Galu wa M'galasi

Inu, tamverani za a Hezron Msiska, ahedi opuma aja a ku Nkhamanga, bambo amene anagwira choko zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi osauzapo mwana wa munthu kuti wachita bwino. Ayi ndithu, ngakhale mwangozi! Mwana akakhoza masamu onse khumi, iwo ankalemba ndi bolopeni yofiira kuti "Feya," ati wangoyesako, kenako nkumufunsa chifukwa chimene sanasambe m'makutu. Ankati kuyamikira mwana kuli ngati kuthirira nazale ya fodya dzuwa lili paliwombo, mbande zimangopserera. Theka la anthu a pa Bolero linadutsa m'manja mwawo: apolisi, eni magolosale, amayi a bungwe la mpingo la Umanyano, ngakhalenso abusa a pa tchalitchi chawo. Ndipo onsewo, ena imvi zili mbuu, akangomva liwu lija likuti "Siti dauni!" mawondo amapinda okha mutu usanaganize.

Tsono chaka chimenecho, fodya atangopita ku okushoni, pakhomo pa a Msiska panafika alendo. Anali mwana wawo Lusungu, namwino wa ku Sikotilandi, ndi kamtsikana kake ka zaka zisanu ndi zinayi, Jennifer, mdzukulu amene agogowo ankangomudziwira pa zithunzi. Mkuluyu anakonzekera mwezi wathunthu. Anapaka nyumba laimu, anagula maswiti, anapukuta fumbi pa satifiketi yawo ya uphunzitsi ya ku Khondowe. Koma galimoto itaima, mwana atatsika, mawu okoma onse amene anakonza anathawa, pakamwa nkungotuluka zozolowera.

"Seveni taimusi eyiti?"

Mwana anabisala kumbuyo kwa amayi ake. Kuyambira tsiku limenelo, agogo akalowa pabalaza iye ankatulukira khomo lakuseri. Kwa agogo aakazi, Mabel NyaHarawa, ankapita yekha, kukhala nawo pamphasa nkumawathandiza kuswa mtedza. Kwa a Msiska ayi. Zinkawapweteka zimenezi, ndipo zinkawapweteka kwambiri chifukwa sankadziwa pogwira. Maswiti aja anasungunukira m'thumba la jekete.

Mwanayo anali ndi kagemu kake, kabokosi kopinda ngati kabuku ka nyimbo, kokhala ndi galasi mkati ndi kandodo ka pulasitiki kokandira pagalasipo. Kutatsala tsiku limodzi kuti iye ndi amayi ake apite ku Zomba kukaona abale a bambo ake kwa masabata atatu, a Msiska anamumva pakhonde akudandaulira kabokosiko, misozi ili pafupi. Ananyang'ama mpaka kufika pambali pake.

"Ukukangana ndi yani?" anafunsa m'Chichewa, pakuti mwanayo Chitumbuka sankachidziwa, ankangoyankhula Chichewa chopindikapindika chimene anatola kwa bambo ake.

"Ndi Bisiketi, agogo. Galu wanga. Ndikumuuza kuti akhale pansi, sakumva."

A Msiska anavala magalasi. Abale inu, munalidi galu! Kagalu kofiirira, makutu ali lende, kakuzungulira kuthamangitsa mchira wake m'kachipinda koyera kuposa kuchipatala.

"Bisiketi? Galu kumutcha dzina la chakudya? Kuno galu amapatsidwa dzina la uthenga, Mudzatopa kapena Alekeni, loti ukamamuitana aneba azimva kulasa." Anakhosomola. "Ndiye vuto lake nlokana kukhala pansi basi?"

"Eya. Mwezi wonse ndayesa. Ine ndimafulumira, ndiye amasokonezeka."

"Mwana iwe, ukudziwa kuti ukuyankhula ndi yani? Ine ndakhazika pansi ana zikwi zitatu! Ndinakhazika pansi mwana wa wapolisi, ndinakhazika pansi mwana wa sing'anga. Pobwera ku Zomba udzapeza galuyu akukhala pansi, akuimirira, mwinanso akudziwa seveni taimusi eyiti."

Jennifer anaseka. Kanali koyamba kuseka pamaso pawo. Anasendera pabenchi mpaka phewa lake linakhudza mkono wa agogo ake, ndipo a Msiska anaumitsa mkonowo osausuntha, kuopa kumuthawitsa.

"Mungathedi, agogo? Mukulonjeza?"

"Ndalonjeza."

Mwanayo anawapatsa kabokosi, kandodo ndi kachingwe kakuda. Anayamba kufotokoza kuti galuyo amafuna kudya, kumwa ndi kusamba, kuti muzimusisita pamutu ndi kandodoka, akakhala pansi muzinena mawu anu, kenako muzimuyamikira kuti aloweze liwu lanu...

"Ndadziwa kale, ndadziwa kale," anatero ahedi akukupiza dzanja.

NyaHarawa, amene anali pamphasa ndi lichero la mtedza, sanadzutse mutu. Anangonena chapansipansi, ngati akuuza mtedzawo, kuti Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo.

Lolemba sukulu inatsegulidwa. Ahedi anamanga tayi, anatulutsa tebulo pansi pa mtengo wa mango, anatsamiritsa bolodi lakale pathunthu, nalemba ndondomeko ya maphunziro: hafu pasiti seveni, pemphero ndi nyimbo, eyiti koloko, Kukhala Pansi, naini koloko, Kukhala Pansi, teni koloko, kubwereza zimene taphunzira. Anaimika kabokosi patebulo, natsegula kaundula momwe munali dzina limodzi lokha.

"Bisiketi!"

Galu anayasamula. Poti sanayankhe kuti "Pulezenti," ahedi anamulemba kuti wajomba, uku akumuyang'ana m'maso.

Kenako anadzaza chifuwa ndi mpweya. "Siti dauni!"

Inu, kumsewu kunkadutsa amayi asanu ochokera ku mjigo, ndowa zili pamutu, onse ophunzira awo akale. Onse asanu anangoti pansi phwathalala, madzi nkuti khwaa mumsewu! A Thomson Chavula, mkulu wa mpingo mnzawo, amene ankapalasa njinga kupita kumsika, anatsika nakhala pachulu, nadikira kuuzidwa chochita. Koma galu? Galu anadzikanda khutu ndi mwendo wakumbuyo.

"Kusamvera kwadala," anatero ahedi, natola ndodo.

"Adada," anaitana NyaHarawa ali pakhonde, "mukaswa galasilo mwapha galu wa mwana."

Ndodo inatsika pang'onopang'ono. Koma mphunzitsi weniweni sasowa chilango. Anamulanga kuyang'ana kukhoma maola awiri. Anamulamula kulemba kakhumi kuti "Ndizimvera aphunzitsi," ndipo poona kuti wolangidwayo alibe zala, analemba okha pabolodi kuti chilango chisapite pachabe. Anamumana chakudya, anamumana madzi, ati njala ndiyo imatsegula makutu. Za kusisita ndiye musanene nkomwe. Munthu wa ku Khondowe, mkulu wa mpingo, kusisita galu? Galu kwathu kuno amauzidwa mawu amodzi okha, "Choka!", ndipo mukamuona atasamba ndiye kuti wagwera mumtsinje.

Pofika Lachinayi galu anali atada bii, timadontho tikudumphadumpha pamsana pake. Nthata, anthuni, m'galasi! Amayi a ku mjigo anali atasintha njira, akuzungulira kuseri kwa chigafa cha aneba kuti apulumutse madzi awo. Ndiye cha m'ma leveni koloko, phunziro lili pakati, kanyali kofiira kanaphethira pakona pa kabokosi, kanaphethiranso, galasi nkuzima.

"Bisiketi?"

Zii.

"Bisiketi, dzuka. Chilango chatha."

Zii.

Anakagwedeza, anakapemerera, anakaika padzuwa, anakabweza pamthunzi. Palibe. A Msiska sankaganizanso za mbiri yawo ya uphunzitsi, ankangoona nkhope ya kamtsikana kaja, ndi phewa lija likuchoka pamkono pawo osabweranso. Tsono mwambo wathu mukuudziwa: munthu akakusungitsa chiweto chake nkukufera, umasenda chikopa nkuchiyanika, mwini akabwera umamuonetsa kuti adziwe kuti sunagulitse. NyaHarawa anawapeza amuna awo atatenga mpeni, akutembenuza kabokosi uku ndi uku kufunafuna poyambira.

"Mwe adada, mukutani?"

"Wafa, amama. Ndamupha ndi njala. Tsono chikopa nditenga pati choti ndidzamuonetse mwana?"

NyaHarawa anawalanda mpeniwo. "Kachingwe kakuda kamene anakupatsani kali kuti?"

"Komangira galu kaja? Ndinakapachika kukhola, pamodzi ndi zingwe za mbuzi."

"Kakatengeni mupite nako kwa Amock. Yendani msanga."

Amock ameneyu anali ndi shopu yometera pa Bolero, momwenso anthu ankatchajitsa mafoni, ndipo naye anali wophunzira wawo, wa gulu lija lobwereza sitandade faifi kawiri. Ahedi anakulunga kabokosi m'chitenje, anamangirira pakaliyala, napalasa makilomita asanu ndi awiri osapereka moni kwa munthu. Atalowa mushopu anavula chipewa.

"Amock, ndabwera ndi zovuta. Watisiya."

Amock anazimitsa makina, mutu wa kasitomala uli theka. "Mwe! Amama?"

"Yayi. Galu."

Anafunyulula chitenje. Amock anayang'ana kabokosi, anayang'ana kachingwe konunkha mbuzi, analuma mlomo kuti asaseke, nalowetsa kusoketi. Sipanapite nthawi, galasi ngwee! Ndi uyo Bisiketi, wakuda, wanthata, akugwedeza mchira ngati palibe chachitika.

"Wauka! Amock, wauka!" Ahedi anaponya chipewa kudenga, anagwira chanza kasitomala wa mutu watheka uja, anagwira chanza Amock kawiri. "Iwe Amock, lero wachita... wachita feya."

Amock anayankha, "Yewo chomene, ahedi. Koma batire lizitchajidwa, galuyu amadya magetsi. Ndiponso agalu a m'magemuwa ndinawaonapo ndi mwana wa abwana ena, amafuna kuwasisita. Mukamusisita apa pamutu..."

"Amock. Sitandade faifi unakhalamo zaka zingati?"

"Zitatu, ahedi."

"Ndiye lero ukufuna kundiphunzitsa kuphunzitsa?"

Amock anayatsa makina ake nabwerera kumutu wa kasitomala.

Kuchokera tsiku la kuukalo ahedi anafewa pang'ono. Chakudya anayamba kumupatsa, madzi akumwa nawonso. Kumusambitsa anakana, ati zimenezo ndi zochititsa manyazi. Koma mantha anawalowa. Kuzimitsa kabokosi sankafuna, ati ndiko kumuphanso kachiwiri, ndipo kukasiya kokha pakhomo sankalola. Ankayenda nako m'thumba lam'kati la jekete, pafupi ndi mtima, ndipo Loweruka anapalasanso ulendo wonse wa ku Bolero kukamudyetsa magetsi.

Ndiye linafika Lamulungu. A Msiska ndiwo ankawerenga zolengeza, chifukwa liwu lawo silinkafuna chimkuzamawu. Tchalitchi chinali chodzaza, amayi a Umanyano atayera mbee mbali yawo. Anaimirira kutsogolo, natambasula pepala.

"Msonkhano wa madikoni udzakhalako Lachitatu..."

"Hu! Hu!"

Mitu inatembenuka. Tsono pa tchalitchipo ntchito yothamangitsa agalu olowerera mapemphero inali ya a Thomson Chavula omwe aja, ndipo anali ndi ndodo yakeyake ya ntchitoyo, yosungidwa kuseri kwa chitseko. Anaitenga, nayamba kuyenda chowerama, akusuzumira pansi pa mabenchi.

"...Lachitatu thu koloko masana," ahedi anakweza mawu kuti aphimbe.

"Hu! Hu! Huu!"

Iwo akakweza liwu, galu naye ankakweza lake, poyesa kuti akumuitanira kosewera. A Thomson anadutsa kwa amayi, amayi akukweza miyendo. Anadutsa kwa akwaya, akugogoda pansi. Anagwada nakwawa pansi pa tebulo la kutsogolo, natulukira mbali inayo mphuno ili pa nsapato za ahedi. Anadzuka pang'onopang'ono, khutu likutsata phokoso, kudutsa bondo, kudutsa lamba, mpaka linaima pachifuwa.

"Ahedi," ananong'ona, koma kunong'ona kwa a Thomson kumamveka mpaka ku Thazima, "ntchewe yili mwa imwe."

"Ameza galu!" anakuwa mayi wina kumbuyo.

Abusa, pofuna kupulumutsa zinthu, anadzuka msangamsanga nalengeza nyimbo. Mpingo wonse unaimirira, mabuku ali m'manja, woyambitsa nyimbo atatsegula kale pakamwa. Pomwepo Bisiketi anauwa katatu motsatizana, ndipo ahedi, thukuta lili kamukamu, anaiwala kumene anali. Anakoka kolala ya jekete, anasuzumira m'thumba, nabangula:

"Siti dauni!"

Mabenchi anangoti gu, kamodzi! Anthu mazana atatu pansi. Akwaya pansi. A Thomson pansi, pasimenti penipeni, ndodo ili m'manja. Abusa, munthu wa madigiri awiri, anapezeka ali pampando manja atapinda pachifuwa ngati mwana wa sitandade wanu. M'tchalitchi monsemo otsala chiimire anali awiri okha, ahedi ndi galu wa m'thumba mwawo.

Mapemphero atatha abusa anawatengera pambali, akupotokola zala. "Ahedi, musandimve molakwa. Koma mlendo wanuyu asamabwere kaye kumapemphero. Ngakhale kalasi ya ubatizo sanalowe."

Atafika pakhomo NyaHarawa anatambasula dzanja.

"Bweretsani. Kuyambira lero sukulu yanu iziweruka thwelofu koloko ngati masukulu a anthu. Ikaweruka, mwana wasukulu azikhala m'kabati mwanga. Kotchajitsa ndizipita naye ndine."

Ahedi anafuna kutsutsa, koma NyaHarawa anangowayang'ana, kabokosi nkusintha manja.

Masabata awiri otsalawo kunayamba kuoneka zachilendo. M'mawa ahedi akatsegula sukulu ankapeza galu atasamba, ubweya ukuwala, nthata zitatha. Tsiku lina anamupeza atavala kariboni kofiira m'khosi. Tsiku linanso pagalasi panali chidindo cha chala cha ufa. Munthu wina akanafunsa. Koma ahedi masana onse ankakhala akupumitsa maso pampando wandalema, ndipo yankho anali nalo kale.

"Mwaona, amama? Mwambo! Wayamba kudzisamalira yekha."

"Enya, adada," anatero NyaHarawa akupeta.

Koma kukhala pansi, ayi ndithu. Anayesa Chingerezi chakuya cha ku Khondowe, anayesa kukalipa, anayesa kuonetsa chitsanzo, iwo eni kukhala ndi kudzuka, kukhala ndi kudzuka, mpaka mawondo anatupa. Galu ankawayang'ana mutu ataupendeka, mosangalala ndithu, ngati akuonera gule. Tsiku lomaliza, atayang'ana uku ndi uku kuti palibe akumva, ahedi anayandikitsa pakamwa pagalasi.

"Bisiketi, tiye tikambirane ngati amuna. Mawa mwana akubwera. Ine sindikupempha zambiri. Kamodzi kokha, matako pansi, basi. Ukapanda kutero mwana uja akwera ndege akudziwa kuti agogo ake ndi abodza, ndipo sadzakhalanso nane pabenchi."

Galu anathamanga, nabwera ndi kampira.

Loweruka galimoto inafika, ndipo si alendo okha amene anafika. Nkhani ya m'tchalitchi inali itazungulira Nkhamanga yonse, ndiye anthu anabwera kudzaonerera mayeso: a Thomson, Amock atatseka shopu, amayi a ku mjigo, onse atazungulira mtengo wa mango. Ochenjera anakhaliratu pansi. Jennifer anatsika galimoto chothamanga, ndipo ulendo uno anathamangira kwa agogo aamuna.

"Agogo! Waphunzira?"

"Tiona," anatero ahedi.

Anaimika kabokosi patebulo, anakankhira mpando kumbuyo naimirira, mwana ali pambali pawo, anthu akutukula makosi. Anakonza tayi.

"Siti dauni!"

Otsala chiimire aja anakhala. Lusungu naye anakhala pasutikesi. Galu anagwedeza mchira.

"Siti. Dauni."

Galu ananunkhiza pansi.

Kachitatu liwu linatuluka losweka, ndipo galu anatembenuka napita kukamwa madzi. Jennifer anayang'ana agogo ake, anaona thukuta lili pamphumi pawo, nanena mwaulemu, ulemu uja woyankhulira mlendo, "Zilibe kanthu, agogo." Anayamba kusendera kwa amayi ake.

Mawu amenewo anawalasa kuposa kusekedwa. Manyazi anasanduka ukali, monga zimachitira ndi amuna a msinkhu umenewo. Anatola ndodo, nayamba kulalata kuti zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi sanaonepo mbuli yotere, kuti galuyu akuchotsedwa sukulu lero lomwe, kuti alembera kalata makolo ake, kuti ngati nkotheka...

Pomwepo NyaHarawa anatulukira ndi thireyi ya tiyi. Anaima kumbuyo kwa amuna awo, ndipo sanakweze mawu nkomwe. Anangonena mwachizolowezi, ndi kaliwu kawo kofewa kaja:

"Khalani pasi, adada."

Ahedi anangoti pampando khu, mawu ali pakati! Ndipo m'galasi muja, pamaso pa Nkhamanga yonse, Bisiketi anasiya mbale ya madzi, anapinda miyendo yakumbuyo, nakhala pansi mwaulemu, makutu ali tcheru.

"Wakhala! Wakhala!" Jennifer analumpha akuwomba m'manja. Amayi a ku mjigo anaimba nthungululu.

Ahedi anayang'ana galu, anayang'ana akazi awo. "Amama?"

NyaHarawa anatsitsa thireyi patebulo. "Nanga ndikanatani? Kankalira m'kabati, nthata zili waa. Ine ndinkangochita zimene mwana ananena tsiku lija, kukasambitsa, kukasisita, kakakhala pansi nkukayamikira. Tsono mlendo wochokera kutali sungamuuze kuti khala. Ndinkati khalani pasi, adada, basi kanaloweza."

"Masabata awiri okha, amama?" anafunsa a Thomson. "Galu mwamuphunzitsa masabata awiri?"

"Uyu ngwanzeru," anatero NyaHarawa akuthira tiyi. "Winayu ananditengera zaka makumi anayi."

Kuseka kwake, inu! A Thomson anagubuduka pafumbi, Lusungu anagwa pasutikesi, amayi aja anagwirana mapewa misozi ili chuchuchu. Ahedi anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma sanapeze mpata, chifukwa Jennifer anali atawagwira dzanja, akuwafumbatitsa kandodo ka pulasitiki kaja.

"Msanga, agogo, muyamikireni! Mukachedwa aiwala!"

Mwana anatsogolera dzanja lija logwira ndodo zaka zonsezo pamutu pa galu, kamodzi, kawiri. Galu anatsinzina, mchira ukusesa pansi.

"Nenani, agogo."

"Fe... fe..." Anayang'ana mdzukulu wawo, amene tsopano anali atawatsamira ndi thupi lonse. "Vere gudu."

Amock anagwira kumutu. "Mayo ine! Zaka khumi ndinadikira mawu amenewo, lero apita kwa galu!"

Tiyi atatha, ahedi anaitanitsa pepala ndi bolopeni yofiira, pakuti teremu siitha popanda lipoti. Analemba pang'onopang'ono, napatsa Jennifer kuti awerenge mokweza.

"Bisiketi, wakhoza. Mphunzitsi, abwereze."

Mwanayo anaganiza kanthawi, akuyang'ana kabokosi kake. Kenako anakatseka, nakalowetsa m'thumba la jekete la agogo ake.

"Wobwereza amafunika chaka chonse. Ndidzabwera kudzakuyesani mayeso." Anaimirira ndi zala zakumapazi, nawanong'oneza kukhutu: "Fifite sikisi."

Ahedi anavula magalasi, ati m'maso mwalowa fumbi.

Mukadutsa pakhomopo m'mawa, sukulu ikadalipo pansi pa mtengo wa mango, ndondomeko ili pabolodi. Vuto ndi limodzi, galuyo amadziwa liwu la NyaHarawa lokha. Ndiye mudzaona mkulu wa tayi ataweramira patebulo, akusisita galasi ndi kandodo, akufinya kukhosi kuti patuluke kaliwu kachizimayi: "Khalani pasi, adada." Amayi a ku mjigo anabwerera njira yawo yakale, ndipo madzi akufika kunyumba osatayika ngakhale dontho.